Kupsa kwa khungu pansi pa mimba: chimayambitsa n'chiyani, nanga bwanji chubu chimodzi sichichiza onse?

Azakhali anga anatha pafupifupi miyezi itatu akudandaula kuti lasitiki ya siketi ikuwadya m'chiuno. Tonse tinkangoti asinthe siketi. Zoona zake zinaululika mu Novembala, atagwidwa ndi malungo n'kulephera kupita okha kubafa. Ndinawasambitsa ndine. Nditanyamula mnofu wa pamimba kuti madzi adutse, ndinapeza khungu lonyowa, lonyezimira, lakuda mofiirira ngati chiwindi, ndipo pakati penipeni pamene mimba imagonera panali mng'alu wotalika ngati chala. M'mbali mwake munali timadontho tomwazikana ngati mapira otayika. Pazenera panali machubu atatu a mankhwala, onse ofinyidwa mpaka kukhosi: china anawapatsa ndi mnzawo wa kumvano, china anagula pagolosale, chachitatu chinali chotsala cha mdzukulu. "Iwe mwana, usakauze anthu," anatero, maso ali kumbali.

Vutoli limasokoneza chifukwa aliyense ali ndi yankho lake. Wina akuti thirani paudala, wina akuti paudala ngoopsa. Wina akuti ndi fangasi, wina akuti ndi uve. Mankhwala amene anachiza mnzanu, kwa inu akukulitsa chilonda. Kusagwirizanaku kuli ndi magwero ake.

Intertrigo n'chiyani?

Madokotala amalitcha vutoli intertrigo. Ndi dzina la Chilatini, lochokera ku mawu awiri otanthauza "pakati" ndi "kukhula", ndipo likunena ndendende zimene zimachitika: khungu kukhulana ndi khungu linzake pamalo pamene thupi lapindana. Limabwera pansi pa mabere, m'khwapa, m'mphechepeche, pakati pa zala za kumapazi, ngakhale m'khosi mwa khanda lonenepa. Pansi pa mimba pamavuta mwapadera chifukwa mpindiro wake ndi waukulu, ndi wakuya, ndipo mwiniwake sapaona ndi maso ake.

Pamwamba pa khungu pali kachikuto kopyapyala kamene kamatchinga thupi. Kakakhala kouma n'kolimba. Aliyense amene anachapapo mulu wa zovala pamjigo amadziwa mmene zala zimachitira: zimatuwa, zimachita makwinya, zimafewa moti kungokhudza mwala mwamphamvu zasupuka. Zimenezo ndi za ola limodzi chabe. M'mpindiro wa pamimba thukuta lilibe kothawira, mphepo siifika, ndiye khungu limakhala m'chinyezi kuyambira m'mawa mpaka usiku, kwinaku mbali ziwirizo zikukhulana pa sitepe iliyonse. Thupi la munthu lili ndi timabowo totulutsa thukuta pakati pa 2 miliyoni ndi 4 miliyoni, ndipo tam'mpindiro sitipuma chifukwa choti taphimbidwa. Komanso khungu labwino limakhala ndi kaasidi pang'ono, pafupifupi 5 pa muyeso wa asidi wotchedwa pH, kamene kamalepheretsa tizilombo kuswana. Chinyezi chokhalitsa ndi sopo wamphamvu zimachepetsa asidiyo.

Choncho intertrigo ikamayamba si matenda a tizilombo ndipo siyopatsirana. Ndi khungu lowonongeka ndi chinyezi, kutentha ndi kukhulana. M'bale wake weniweni ndi kupsa kwa mwana ndi thewera. Munthu wosamba kawiri patsiku akhoza kupsa ndithu ngati amavala asanaume. Ku Netherlands, kumene anawerengapo anthu a vutoli, anapeza kuti lili ndi odwala 6 pa 100 alionse m'zipatala, 17 pa 100 m'nyumba zosamalira okalamba, ndi 20 pa 100 mwa osamalidwira pakhomo. Kumeneko ndi kozizira. Ganizirani za Nsanje ndi Chikwawa mu Okutobala, kumene kumatentha kupitirira madigiri 40.

Mpindirowo umachokera kuti?

Mnofu wolendewera pamimba achipatala amautcha panniculus, lomwenso ndi Chilatini lotanthauza "kansalu", poti umagwa ngati epuloni. Anthu ambiri amauphatikiza ndi kunenepa, ndipo n'zoona kuti kunenepa ndiye gwero lalikulu, koma si lokhalo. Mayi wobereka kangapo khungu lake limatamuka. Wobereka pa opaleshoni nthawi zambiri chipsera chimakokera khungu mkati, mnofu wa pamwamba n'kugonera pamzere wa chipseracho, ngakhale mayiyo ali wochepa thupi. Ukalamba umafewetsa khungu. Ndipo munthu akaonda kwambiri mwamsanga, mafuta amachoka koma khungu limatsala. Nkhani imeneyi yakula m'mayiko amene anthu ambiri akubaya semaglutide, mankhwala amene anavomerezedwa ku America mu 2017 ngati a shuga pa dzina la Ozempic, kenako mu 2021 ngati ochepetsa thupi pa dzina la Wegovy.

Zovala nazo zimaikapo dzanja. Chitenje chomanga mimba mayi akangobereka, mikanda ya m'chiuno, taiti ya nayiloni, lamba wothina wa mwamuna wa mimba yaikulu amene amakhala pachiwongolero tsiku lonse: zonsezi zimadutsa pa mzere womwewo.

Alendo obwera pambuyo

Chimanga chikaikidwa m'thumba chisanaume chimachita chuku. Chukuyo sanachokere kutali. Analipo kale m'mphepo ndi pachimangapo, ankangodikira chinyezi. Khungu lopsa limalandira alendo mwanjira yomweyo, ndipo kudziwa mlendo amene walowa ndiko kumasiyanitsa mankhwala.

Wofala kwambiri ndi Candida, fangasi ya mtundu wa yisiti imene imakhala kale m'thupi mwa anthu ambiri athanzi, m'kamwa, m'matumbo ndi kumaliseche, popanda vuto. Ndi yomweyo imene imayeretsa lilime la khanda. Dzinali analipereka ndi katswiri wa ku Netherlands, Christine Berkhout, mu 1923, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza kuyera mbee. Ikalowa m'mpindiro khungu limanyezimira, limayabwa ndi kuwotcha, ndipo kunja kwa chigamba chachikulu kumatuluka timadontho kapena titsundu tamafinya tomwazikana. Timadontho tija ndinaona pa azakhali tinali chizindikiro chimenechi.

Wachiwiri ndi fangasi ya zipere. Iyi imakonda kuyambira m'mphechepeche n'kumakwera, ndipo imadziwika ndi malire ake otukuka, amamba, pomwe pakati pamaoneka ngati pakupola. Kawirikawiri mwiniwake amakhalanso ndi linyetsu pakati pa zala za kumapazi, ndipo thawulo limodzi ndilo limanyamula fangasiyo kuchoka kumapazi. Mosiyana ndi intertrigo wamba, iyi imapatsirana.

Achitatu ndi mabakiteriya. Ena, monga Staphylococcus ndi Streptococcus, amabweretsa ululu, kuchucha madzi, mafinya ndi fungo loipa. Wina wofatsa, Corynebacterium minutissimum, amangosiya chigamba chabulauni chosayabwa kwenikweni chotchedwa erythrasma, chimene anthu amatha miyezi akuchipaka mankhwala a fangasi. Madokotala a khungu amachizindikira ndi nyali ya kuwala kwa ultraviolet imene Robert Wood wa ku America anapanga mu 1903. Akaunika m'chipinda chamdima, chigambacho chimawala mofiira.

Ndiye pali matenda ena ongofanana nawo. Psoriasis ya m'mipindiro imakhala yosalala, yonyezimira, yamalire ooneka bwino, ndipo siimva mankhwala a fangasi. Hidradenitis imabweretsa zithupsa zobwerezabwereza zosiya zipsera. Vuto n'lakuti pongoyang'ana, ngakhale dokotala wozolowera nthawi zina amasokoneza mitunduyi, ndipo alendo awiri akhoza kukhala m'mpindiro umodzi. Kutsimikiza kumafuna kupala khungu pang'ono n'kuliyang'ana pa maikulosikopu, zimene sizichitika pa odwala ambiri.

Kufiira kumene sikuoneka

Pafupifupi buku lililonse la zachipatala limati chizindikiro choyamba ndi kufiira. Pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka momwemo. Pamada kuposa pozungulira, kapena pamaoneka papepo, kapena potuwa ngati phulusa. N'chifukwa chake wophunzira udokotala wina wobadwira ku Zimbabwe, Malone Mukwende, ali pa St George's ku London, anatulutsa mu 2020 kabuku ka zithunzi kotchedwa Mind the Gap, koonetsa mmene matenda amaonekera pakhungu lakuda. Kwa ife zizindikiro zodalirika ndi kunyezimira, kunyowa, kutentha pokhudza, kuwawa ngati pathiridwa tsabola, ndi mng'alu pakati pa mpindiro.

Pakapola, malowo amatsala akuda kwa miyezi. Kudaku si matenda, ndipo kumazimiririka pang'onopang'ono. Palinso kuda kwina kosiyana: khungu lokhuthala, lofewa ngati veliveti, kuseri kwa khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Ambiri amayesa litsiro n'kumakhula ndi mwala. Kumeneko ndi acanthosis nigricans, chizindikiro chakuti thupi silikumva bwino insulini, imene imayendetsa shuga m'magazi, ndipo chofunika ndi kukayezetsa shuga.

Kuumitsa: pamene onse amagwirizana ndi pamene amasiyana

Pa mfundo imodzi palibe mkangano: mpindiro uzikhala wouma. Sambani kamodzi patsiku, kapena kawiri m'nyengo yotentha, ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofatsa wopanda fungo lamphamvu. Nyamulani mnofu ndi dzanja limodzi, tsukani ndi chikhatho, osati chinkhupule. Tsukuluzani sopo yense, chifukwa wotsalira m'mpindiro amawotcha. Sopo wochapira zovala ndi mankhwala amphamvu ophera tizilombo othira m'madzi osamba amaoneka ngati ukhondo wowonjezera, koma pakhungu losupuka amawonjezera bala.

Popukuta musakhule. Gunditsani thawulo mofatsa, kenako mupatse malowo mphepo. Amene ali ndi fani kapena choumitsira tsitsi achiike pa mphepo yozizira. Amene alibe, agone chagada mphindi zingapo, anyamule mimba, adzikupize ndi chikatoni. Zimaoneka zoseketsa koma n'zimene zinathandiza azakhali kuposa china chilichonse. Kagalasi kakang'ono kapena kamera ya foni zimathandiza kuona pamene maso safika. Zovala zamkati zikhale zomasuka, zisinthidwe zikanyowa, ndipo lasitiki isagone mumng'alu.

Kusiyana kumayamba pa funso lakuti muikemo chiyani mukauma.

Za nsalu, anamwino ambiri amalangiza kupinda kansalu kofewa ka thonje n'kukaika mumpindiro kuti khungu lisagundane. Ena amatsutsa, amati thonje, gozi ndi tishu zimamwa thukuta koma zimalisunga pomwepo, ngati thewera lonyowa. Onse akunena zoona pa mbali yawo: kansalu kamathandiza kakamasinthidwa kakangonyowa, ndipo kamapweteka kakaiwalika tsiku lonse. M'mayiko olemera muli nsalu zapadera zokokera thukuta kunja, zina zothiridwa siliva wopha tizilombo, zimene amazisiya zitatulukira pang'ono kunja kwa mpindiro kuti chinyezi chiuluke. N'zodula.

Za mafuta, zinc oxide, yemweyo wopaka ana opsa ndi thewera, amatchinga khungu ku chinyezi. Vaseline, amene Robert Chesebrough analembetsa ku America mu 1872, amachepetsa kukhulana. Zonsezi zimafuna kupaka mopyapyala. Mukamata mokhuthala mwatsekera thukuta pansi.

Paudala ndiye wadzetsa phokoso lalikulu. Kwa zaka zoposa 100 paudala wa ana ankapangidwa ndi talc, mwala wofewa woperedwa. Anthu masauzande ambiri ku America anasumira kampani ya Johnson & Johnson ponena kuti paudala wake anawadwalitsa khansa, ena akuti munali asbestos, mtundu wina wa mwala umene umayambitsa khansa. Kampaniyo imakana, imati paudala wake ngotetezeka, komabe inasiya kumugulitsa ku America ndi Canada mu 2020, ndi padziko lonse mu 2023, n'kusinthira ku wa sitachi ya chimanga. Mu Julayi 2024, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, IARC, inaika talc m'gulu 2A, la zinthu zimene zikuoneka kuti zingayambitse khansa ngakhale umboni wa pa anthu uli wochepa. Nkhawa yaikulu ndi ya khansa ya m'mazira a amayi opaka paudalayo kumaliseche, ndipo pansi pa mimba ndi pafupi. Wa chimanga nayenso ali ndi omutsutsa, amene amati sitachi imadyetsa Candida, pomwe ena amati palibe umboni wokwanira wa zimenezo. Chimene aliyense angaone yekha n'chakuti paudala wamtundu uliwonse akakumana ndi thukuta lambiri amasanduka phala, n'kuuma timibulu timene timakanda khungu. Pakhungu losupuka kale sayenera kuthiridwa. Ndipo kuphatikiza paudala ndi mafuta pamalo amodzi ndiko kukanda matope.

Machubu a m'famase

Ngati malo angopsa chabe, kuumitsa ndi zinc oxide zimakwanira m'masiku ochepa. Ngati pali zizindikiro za fangasi, mankhwala odziwika ndi clotrimazole, amene kampani ya Bayer ku Germany inapanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndi miconazole wa kampani ya Janssen ku Belgium. Onsewa amagwira Candida ndi zipere zomwe. Amapakidwa mopyapyala kawiri patsiku kwa milungu iwiri mpaka inayi, ndipo kusiya tsiku lomwe kuyabwa kwatha ndiko kumabweza matenda. Nystatin, amene Elizabeth Hazen ndi Rachel Brown anatulukira mu 1950 n'kumutcha dzina la dera la New York State kumene ankagwira ntchito, amapha Candida koma zipere sazikhudza. Terbinafine ndi wamphamvu pa zipere koma wofooka pa Candida. Apa mukuona chifukwa chimene chubu cha mnzanu chinakukanikirani. Mabakiteriya amafuna mankhwala awoawo, opaka kapena akumwa, ndipo mapiritsi a fangasi otchedwa fluconazole asamwedwe ndi mayi woyembekezera popanda dokotala.

Chubu choopsa ndi chimene chimagwira ntchito mwamsanga. Mafuta a steroid amaziziritsa kutupa ndi kuyabwa usiku umodzi wokha. Wofatsa wake, hydrocortisone wa 1 peresenti, amene anayamba kupakidwa pakhungu mu 1952, madokotala amamupereka kwa masiku ochepa pamodzi ndi mankhwala a fangasi. Koma amphamvu, monga betamethasone ndi clobetasol, amene amapezekanso m'mafuta ambiri oyeretsa khungu ndi m'machubu osakaniza mankhwala awiri kapena atatu, ndi nkhani ina. Kuyabwa ndi galu amene akuuwa mbava. Steroid amamanga galu pakamwa, mbava n'kumatuta mwakachetechete. Fangasi imafalikira, imasintha maonekedwe mpaka dokotala osaizindikira. Ndipo poti mpindiro ndi wotsekeka komanso khungu lake n'lopyapyala, mankhwalawo amalowerera kwambiri. Khungu limapyapyala, limachita mikwingwirima yosatha. Ku India, kumene machubu osakanizawa ankagulidwa mwachisawawa, kunabuka fangasi ya zipere yosamva terbinafine, imene inapatsidwa dzina lakuti Trichophyton indotineae mu 2020, ndipo yapezeka kale ku Ulaya ndi ku America. Pa machubu atatu a azakhali, awiri anali ndi betamethasone. Werengani timalemba ting'onoting'ono ta pachubu musanapake.

GV, mankhwala apepo aja amene tonse tinakulira, amaphadi Candida ndi mabakiteriya ena, ndipo ngotsika mtengo. Koma akakhala wamphamvu amatha kunyula khungu la m'mpindiro, ndipo utoto wake umabisa bala moti namwino sangaone ngati likukula. Dziko la Canada linamuchotsa pamsika mu 2019 chifukwa cha nkhawa ya khansa yochokera ku kafukufuku wa pa nyama, pomwe mayiko ena akumugwiritsabe ntchito.

Pamene kudzithandiza kumathera

Pitani kuchipatala ngati papita milungu iwiri popanda kusintha, ndipo pitani tsiku lomwelo ngati pali mafinya, fungo lamphamvu, kutupa kofalikira, ululu woposa kukula kwa bala, kapena thupi latentha. Mayi amene bala la opaleshoni silinapole asadzipake chilichonse pamzerewo, akaonetse. Vuto likamabwerera kawirikawiri, funso limasuntha kuchoka pakhungu kupita m'magazi: shuga wokwera amadyetsa Candida ndi kufooketsa chitetezo, ndipo kwa ena kupsa kosatha ndiko kumaulula matenda a shuga. Kuyezetsa HIV n'koyeneranso. Maantibayotiki omwedwa nthawi yaitali, ndi mankhwala ena a shuga otulutsa shuga mumkodzo monga dapagliflozin, nawo amatsegulira fangasi khomo.

Zimene sizinayankhidwe

Mu 2010, ofufuza awiri a ku Netherlands, Mistiaen ndi van Halm-Walters, anasonkhanitsa kafukufuku amene analipo pa kupewa ndi kuchiza intertrigo m'mipindiro ikuluikulu ya akuluakulu. Anapeza kuti umboni wake ndi wofooka moti sungasonyeze njira imodzi yoposa inzake. Malangizo ambiri amene tatchulawa ndi nzeru za anamwino ndi madokotala zochokera m'kuona odwala, osati zoyesedwa poyerekeza magulu.

Choncho mafunso enieni adakali poyera. Kodi nsalu yodula ya siliva imaposadi kansalu ka thonje kosinthidwa pafupipafupi? Kodi sitachi ya chimanga imadyetsa Candida pakhungu la munthu, kapena ndi mantha chabe? Kodi amene vuto limawabwerera nyengo iliyonse yotentha azipakiratu mankhwala a fangasi, kapena kutero n'kuphunzitsa fangasiyo kusamva mankhwala? Nanga machubu osakaniza steroid aletsedwe, monga madokotala a khungu ambiri amafunira, kapena asiyidwe poti kwa munthu wokhala kutali ndi chipatala ndiwo ali pafupi?

Palinso la opaleshoni yodula mnofu wolendewerawo, yotchedwa panniculectomy. Imachotsa mpindiro, koma ndi opaleshoni yaikulu, ndipo bala lake limatha kuvuta kupola, makamaka kwa odwala shuga ndi osuta fodya. A inshuwalansi ku America, ndi a NHS, bungwe la boma la zaumoyo ku Britain, kawirikawiri amaiona ngati yokongoletsa thupi pokhapokha wodwala ataonetsa kuti khungu lakhala likupsa mobwerezabwereza ngakhale akulandira chithandizo. Odwala ndi madokotala ena amafunsa kuti munthu apse kangati, kwa miyezi ingati, kuti mnofuwo uleke kuwerengedwa ngati nkhani ya maonekedwe. Olipira nawo amafunsa kuti ndalama yomweyo ikanachiza angati a matenda ena.